Mphika wa Nyengo ya Mwera ku Chintheche

Dera la Chintheche lili m'mphepete mwa nyanja ya Malawi, pa msewu wa M5, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 40 kummwera kwa boma la Nkhata Bay, ndipo eni nthaka ake ndi Atonga. Popeza nyanjayi ili pa mamita pafupifupi 475 okha kuchokera pamene pamalekezera madzi a nyanja zamchere, chisanu cha kuno sichifika pa cha ku Mzuzu, ku Dedza kapena cha pa mapiri a Viphya amene ali kumadzulo kwake, kotero kuti mlendo wochokera kumtunda akhoza kuganiza kuti anthu a kunyanja sadziwa kuzizira. Komabe miyezi ya Meyi, Juni, Julayi ndi Ogasiti imasintha kadyedwe ka m'mudzi uliwonse wa m'derali, ndipo chimene chimabweretsa kusinthako ndi mwera, mphepo yamphamvu yochokera kummwera chakum'mawa imene imayenda utali wonse wa nyanja popanda choitchinga, n'kufika ku Bandawe, ku Kande ndi ku Chintheche itautsa mafunde aakulu. Mwera ukalimba, mabwato amakokeredwa pamchenga kwa masiku angapo, nsomba zaziwisi zimasowa ndipo zopezekazo zimakwera mtengo, madzi a m'maiwe amazizira, ndipo banja limadalira zimene linasunga mvula isanathe. Choncho chakudya cha nyengo imeneyi chimamveka bwino munthu akachiona ngati ntchito imene inayamba miyezi ingapo m'mbuyo, m'munda, m'nkhalango ndi pathandala.

Kondowole ndi kuchedwa kwa madzi ozizira

Chakudya chenicheni cha Atonga ndi kondowole, nsima yophikidwa ndi ufa wa chinangwa chonyikidwa m'madzi. Chinangwa kwawo ndi ku South America, ndipo chinafika mu Africa ndi Apwitikizi m'zaka za m'ma 1500, koma chinazika mizu m'mphepete mwa nyanja ya Malawi chifukwa chimabereka m'dothi lamchenga mmene chimanga chimavutika, chimapirira mvula yambiri imene boma la Nkhata Bay limalandira, ndiponso chimatha kukhala m'nthaka chaka chathunthu kapena zaka ziwiri kudikira mwini wake. Katswiri wa chikhalidwe cha anthu, Jaap van Velsen, amene anakhala pakati pa Atonga m'zaka za m'ma 1950 ndipo buku lake lonena za ubale wawo linatuluka mu 1964, anapeza midzi imene amuna ambiri anali ku ntchito ku Joni ndi ku Rhodesia, koma minda ikulimidwabe, chifukwa chinangwa ndi mbewu imene amayi ankatha kuisamalira popanda amuna awo. Ulendo wa kunja umenewu ndi womwe unatulutsa anthu ngati Clements Kadalie wa m'mudzi wa Chifira, pafupi ndi Bandawe, amene anayambitsa bungwe la anthu apantchito la ICU ku Cape Town mu 1919. Ndipo kumudzi kumene anthu oterewa anachoka kunatsala m'manja mwa amayi ndi munda wa chinangwa.

Mitundu ya chinangwa imagawidwa pawiri. Pali chozuna, monga mbundumali kapena kuti manyokola, chimene chimadyedwa chachiwisi kapena chongophika, ndipo pali chowawa, monga gomani, chimene sichingadyedwe chisanakonzedwe chifukwa mizu yake ili ndi mankhwala achilengedwe otchedwa linamarin, amene amasanduka poizoni wa cyanide muzuwo ukaphwanyika. Zingaoneke zodabwitsa kuti alimi amasankha kudzala chowawacho, koma kafukufuku amene Linley Chiwona-Karltun ndi anzake anachita m'boma la Nkhata Bay, yemwe anasindikizidwa mu 1998, anaonetsa kuti amayi amachikonda pa zifukwa zomveka: akuba sachizula kuti adye pomwepo, anyani ndi nguluwe amachipewa, ana ndi achibale sangachithe mwachisawawa, ndipo ufa wake umapanga kondowole wabwino. Kuwawako kumateteza nkhokwe imene ili pansi pa nthaka, ndipo kumapereka ulamuliro wa chakudya kwa munthu amene amadziwa kuchikonza.

Kukonzako ndi kumene nyengo yachisanu imakhudza kwambiri. Mizu ikakumbidwa imasendedwa n'kunyikidwa m'maiwe a m'mbali mwa mitsinje, m'mitsuko ikuluikulu kapena m'migolo, kumene tizilombo tosaoneka ndi maso timaifewetsa ndi kuisasitsa, ndipo poizoniyo amasungunukira m'madzi, wina n'kuuluka pamene chinangwacho chikuyanikidwa. M'nyengo yotentha masiku atatu kapena anayi amakwanira, koma madzi akazizira tizilombo timeneti timagwira ntchito pang'onopang'ono, kotero kuti mu Juni ndi Julayi chinangwa chimatha pafupifupi sabata chisanafewe. Mayi wodziwa sawerenga masiku okha, koma amatulutsa muzu umodzi n'kuufinya, ndipo ukamabooka ndi chala mpaka pakati, ulusi wa mkati n'kusololoka mosavuta, amadziwa kuti nthawi yovuula yakwana. Pamenepo amachitsuka, amachiphwanya n'kuchiyanika pamiyala, pamphasa kapena pathandala, ndipo apa mwera umathandiza, chifukwa ngakhale dzuwa lake silitentha kwambiri, mphepoyo imaumitsa msanga masiku amene kulibe mitambo. Banja losamala limanyika chinangwa china pamene china chili padzuwa, kuti ufa usathe pakati, chifukwa njala ndiyo imachititsa anthu kufupikitsa masiku onyika. Kuopsa kwa kufupikitsako kunaoneka m'chigawo cha Nampula ku Mozambique mu 1981, pamene chilala chinakakamiza anthu kudya chinangwa chowawa chosakonzedwa bwino, ndipo ambiri, makamaka amayi ndi ana, anagwidwa ndi konzo, matenda opuwalitsa miyendo mwadzidzidzi amene sachiritsika.

Kaphikidwe ka kondowole n'kosiyana ndi ka nsima ya chimanga, imene imayamba ndi phala lowira kwa nthawi. Madzi amayenera kuwira kwenikweni, ndipo wophika amapungulako pang'ono m'kapu kuti adzawonjezere ngati nsima yalimbitsa, kenaka amathira ufa wosefa n'kuyamba kuvundula. Posakhalitsa ufawo umagwirana n'kuyamba kukana mthiko, ndipo apa amayi ambiri amaphula mphika n'kuukhazika pansi, kuupana ndi mapazi, n'kugwira mthiko ndi manja onse awiri, kupinda ndi kutembenuza mtandawo mpaka kuyera kwa ufa kutatheratu ndipo nsima yasanduka yotuwira, yonyezimira ndi yotamuka. Chipande chimaviikidwa m'madzi asanaomole mtanda uliwonse, apo ayi nsima imamatirira. Ntchito yonseyi imatenga mphindi zochepa koma imafuna mphamvu, n'chifukwa chake kondowole saphikidwa wochuluka mumphika umodzi ngati nsima ya pamaliro kumtunda. Amakoma akadali wotentha, ndipo amakhalitsa m'mimba, zimene msodzi wobwera kunyanja m'mawa wozizira amaziyamikira. Anthu a madera a chimanga amene amanyoza kondowole ngati chakudya cha njala amalakwa, pakuti mbewu imeneyi yadyetsa dera lonse m'zaka zimene chimanga chinapserera kwina, ndipo pamene tizilombo toyera ngati thonje totchedwa kodikodi tinaononga minda ya chinangwa m'boma la Nkhata Bay cha m'ma 1986 ndi 1987, njala imene inatsatira inaonetsa kukula kwa malo amene mbewuyi ili nawo pa moyo wa anthu.

Ndiwo za pamene nyanja yatseka

Kondowole amapereka mphamvu koma ali ndi zomanga thupi zochepa kwambiri, zochepera ngakhale za nsima ya chimanga, ndipo thupi limafuna zomanga thupi zomwezo kuti lichotse poizoni wochepa amene angatsalire mu ufa. Kotero kuphatikiza kondowole ndi nsomba, kumene Atonga achita kwa mibadwo yambiri, kuli ndi maziko a zaumoyo kuposa kukoma kokha. Mwera ukatseka nyanja, malo a batala kapena chambo chachiwisi amatengedwa ndi nsomba zosungidwa, zimene zimakonzedwa m'njira zitatu. Usipa ndi utaka zimayanikidwa padzuwa pathandala. Usipa wina umaviikidwa kaye m'madzi owira amchere usanayanikidwe, ndipo umenewu umatchedwa wofutsa, womwe suwawa ngati wongoyanika. Ndipo nsomba zazikulu monga kampango ndi mlamba zimang'ambidwa n'kuwambidwa pa utsi. Usipa wouma umadyedwa ndi minga yake yomwe, choncho umapereka mchere wa calcium wolimbitsa mafupa umene mabanja osamwa mkaka sakanaupeza mosavuta kwina.

Pophika usipa wouma, mayi amaunyika kaye m'madzi ofunda kuti mchenga utsike pansi ndipo kuwawa kuchepe, ena amadula mitu, kenaka amauphika ndi tomato ndi anyezi mpaka msuzi utagwira. Msuzi ndi wofunika kwambiri pa chakudya chimenechi, chifukwa mbamu ya kondowole siitafunidwa nthawi yaitali koma imaviikidwa n'kumezedwa, ndipo popanda msuzi wokwanira imavuta kutsika. Kampango wowamba amakoma kwambiri akatenderedwa, ndiko kuti akathiridwa nsinjiro za mtedza chakumapeto kwa kuphika, moto uli wochepa, kuti mafuta a mtedza alowerere mumnofu wa utsiwo popanda kupserera pansi pa mphika. Mtedza umakhala utangokololedwa kumene m'miyezi ya Epulo ndi Meyi, n'chifukwa chake ndiwo zotendera zimachuluka m'nyengo yomweyi imene thupi likufuna mafuta.

Ndiwo ina imene siisowa ndi chigwada, masamba a chinangwa chomwecho. Amathyola nsonga zanthete, amazisinja mumtondo mpaka zitasalala, kenaka amaziwiritsa nthawi yaitali mumphika wosavindikira asanathire mchere, tomato ndi nsinjiro. Kusinjako kumaphwanya masamba kuti poizoni amene alinso mmenemo atuluke, ndipo kusavindikira kumamulola kuti auluke ndi nthunzi. Masambawa ali ndi zomanga thupi zambiri kuposa mizu yake, kotero kuti mbewu imodzi imapereka nsima ndi ndiwo zoikwaniritsa, ngakhale kuti mlimi wanzeru sathyola mopitirira muyeso, podziwa kuti mtengo wometedwa masamba kawirikawiri umabereka mizu yaing'ono.

Za m'tchire ndi za m'mlengalenga

Zambiri za m'tchire ndi za m'munda zimene zimadyedwa m'chisanu zimakhala zitatoledwa m'dzinja, nthawi ya mvula. Nkhwani, khwanya, chisoso, bonongwe, luni ndi denje amafutsidwa, kutanthauza kuti amawiritsidwa pang'ono n'kuyanikidwa, ndipo masamba ouma oterewa, otchedwa mfutso, kale ankasungidwa m'chikwatu, mpira wa masamba aakulu a mtengo womangidwa ndi luzi umene unkapachikidwa pamwamba pa moto kuti utsi uthamangitse anankafumbwe. Masiku ano ambiri amasunga m'matumba ndi m'zigubu, koma kaphikidwe sikanasinthe: mfutso umanyikidwa, umaphikidwa ndi chidulo, madzi osefedwa m'phulusa amene amafewetsa masamba, kapena ndi soda wogula, kenaka umatenderedwa.

Bowa ndi amene amasonyeza bwino ubale wa mphika ndi nkhalango. Utale umamera pa zulu chifukwa umalimidwa ndi chiswe m'kati mwa chulu, pamene ndelema ndi manyame amakhala mogwirizana ndi mizu ya mitengo yachilengedwe monga mombo, tsamba ndi msuku, kumene bowa amapatsa mtengo madzi ndi mchere wa m'nthaka, mtengowo n'kumubwezera shuga. Pa chifukwa chimenechi bowa wa mtundu umenewu sangalimidwe m'nyumba monga mmene amalimira bowa wa m'masitolo, ndipo phiri likametedwa chifukwa cha makala, bowa amatha pamodzi ndi mitengo, ngakhale patadzalidwa bulugamu kapena paini m'malo mwake. Amayi a midzi yoyandikana ndi nkhalango monga ya Mkuwazi ndi mapiri a Kuwirwe amazula bowa pakati pa Disembala ndi Malichi, amamuwiritsa n'kumuyanika, ndipo mu Julayi bowa woumayo akanyikidwa n'kuphikidwa ndi nsinjiro amapereka msuzi wakuda, wonunkhira ngati nyama, umene umalowa m'malo mwa nsomba pa masiku oipitsitsa a mwera. Kudziwa bowa wodyedwa kumaphunziridwa poyenda ndi akuluakulu m'tchire, ndipo palibe buku limene lingalowe m'malo mwa maphunziro amenewo, popeza ndelema ali m'banja limodzi ndi mitundu ina ya bowa wakupha.

Chakudya chimene chimadabwitsa alendo kwambiri ndi nkhungu, tizilombo touluka tofanana ndi udzudzu koma tosaluma. Mphutsi zake zimakhala m'madzi akuya a nyanja, masana zimabisala pansi kumene kulibe mpweya wokwanira nsomba, usiku zimakwera kudzadya, ndipo nthawi yake ikakwana, kawirikawiri mwezi ukakhala mumdima, zimatuluka pamodzi zambirimbiri n'kuima pamwamba pa madzi ngati utsi wa moto wolusa. Mphepo ikazikankhira kumtunda zimatera pa mitengo ndi pa udzu, ndipo amayi ndi ana amazikola pozunguza m'mwamba lichero kapena dengu lonyowetsedwa, kapena pogwedeza nthambi zimene zaterapo. Zikachuluka amaziumba timitanda, amazikulunga m'masamba, amaziwiritsa kapena kuziwamba n'kuziyanika mpaka zitauma n'kuda, ndipo chidutswa chake chikaphwanyidwa mumphika wa tomato ndi nsinjiro chimakhala ndiwo yodzaza ndi zomanga thupi. David Livingstone, amene anayenda m'mphepete mwa nyanjayi mu 1861, analemba za mitanda imeneyi atapatsidwa kuti alawe, zimene zikusonyeza kuti lusoli ndi lakale kuposa mishoni ya Bandawe yomwe, imene inakhazikitsidwa mu 1881. Nkhungu sizibwera pa tsiku lodziwika, koma popeza zikauma zimasungika miyezi, zimapezeka mumphika wa chisanu ngakhale zitagwidwa kale.

Kuchokera kumtunda kumabweranso chinaka, chimene ku Zambia amachitcha chikanda, chopangidwa ndi timizu ta maluwa a m'madambo a m'mapiri, timene timasinjidwa n'kuphikidwa ndi nsinjiro ndi chidulo mpaka titalimba n'kumadulika ngati nyama. Timizu timeneti timakumbidwa mvula ikatha, koma malonda ake akula kwambiri mwakuti maluwawo akuchepa m'madambo ambiri a kumpoto kwa Malawi, kummwera kwa Tanzania ndi ku Zambia, chifukwa wokumba akatenga muzu amakhala watenga mbewu yonse.

Za m'mawa ndi zakumwa

M'mawa wa mwera umafuna chakudya cholemera. Mbatata zimakhala zitakhwima, ndipo zimaphikidwa, kuotchedwa paphulusa kapena kusandutsidwa futali, ndiko kuti mbatata zosenda zophikidwa mpaka zitafewa n'kusakanizidwa ndi nsinjiro ndi kamchere, ndipo futali wina amapangidwa ndi maungu kapena chinangwa chozuna. Mabanja amene ali ndi mpunga, umene umalimidwa m'madambo a m'derali ndi pa sikimu ya Limphasa, amaphika phala la mpunga lothira nsinjiro. Nthochi zosapsa zophikidwa ndi tomato kapena ndi nsomba zinali chakudya cha tsiku ndi tsiku pamene boma la Nkhata Bay linkatchuka ndi nthochi, koma matenda a chisaka, amene amafalitsidwa ndi nsabwe za m'mbewu ndipo anayamba kuoneka m'mphepete mwa nyanja m'zaka za m'ma 1990, anagwetsa minda yambiri, kotero kuti alimi akhala akuzula mapando akale n'kudzala mbewu zopanda matenda.

Tiyi ndi chakumwa cha m'derali m'njira imene madera ambiri a kumpoto sangadzitamire nayo, popeza minda ya tiyi ya Kawalazi ili m'boma lomweli, kutali ndi Thyolo ndi Mulanje kumene tiyi wambiri wa dziko lino amalimidwa. Masamba ogula akasowa, anthu amawiritsa udzu wonunkhira ngati ndimu umene umadzalidwa kuseri kwa nyumba, kapena masamba a mtengo wa ndimu, n'kuthira jinja ndi uchi wa m'ming'oma ya m'nkhalango, ndipo popeza mandimu, malalanje ndi manachesi amapsa m'miyezi yomweyi, chakumwa chimenechi chimagwiritsidwanso ntchito pofewetsa pakhosi chimfine chikabuka. Malambe ndi bwemba, zipatso zowawasa za madera ouma zimene zimafika ndi amalonda, zimanyikidwa m'madzi ofunda n'kusefedwa, madziwo n'kumwedwa kapena kuthiridwa m'phala.

Thobwa, limene kumpoto kuno limatchedwanso chindongwa, limafuna kufotokozedwa pang'ono, chifukwa nalonso limamvera kuzizira. Maziko ake ndi phala la ufa wa chimanga ndi chimera, ndiko kuti mawere, mapira kapena chimanga chimene chanyikidwa mpaka kumera, n'kuyanikidwa ndi kusinjidwa. Mbewu ikamamera imapanga mphamvu yosandutsa ufa kukhala shuga, ndipo mphamvu imeneyi imafa m'phala lotentha kwambiri koma imagona m'phala lozizira, n'chifukwa chake wofulula amadikira kuti phala lipole mpaka chala chizitha kupirira asanathire chimera. Phala lolimba lija limasungunuka pomwepo n'kuyamba kutsekemera, ndipo likagonetsedwa usiku umodzi limawiritsidwanso kuti lisapitirire kusasa n'kusanduka mowa. M'chisanu mtsuko umavindikiridwa bwino n'kuikidwa pafupi ndi moto kuti usazizire msanga, ndipo ambiri amalimwa lofunda m'mawa asanapite kumunda kapena kukasoka maukonde.

Zophika zonsezi, kuyambira chigwada ndi bowa wouma mpaka thobwa ndi kuwamba nsomba, zimadya nkhuni zambiri, ndipo nkhunizo zimachokera m'nkhalango yomweyo imene imapereka bowa ndi uchi. Bungwe la Ripple Africa, limene likulu lake la ntchito lili ku Mwaya kummwera kwa Chintheche, lakhala likuphunzitsa mabanja kumanga mbaula yotchedwa Changu Changu Moto, yomangidwa ndi njerwa zosawotcha ndi dothi, imene imagwiritsa ntchito tinkhuni ting'onoting'ono m'malo mwa zikuni za pamafuwa atatu. Makoma ake amatchinga moto ku mphepo, zimene zili zofunika kwambiri m'miyezi imene mwera umamwaza malawi a pamafuwa n'kuchedwetsa madzi kuwira, ndipo popeza ili ndi malo a miphika iwiri, ndiwo zimapitiriza kupsa mbali imodzi pamene madzi a kondowole akuwira mbali inayo.